Mwana wa Aphunzitsi M'munda wa a Bodnár

Elvyra Gudelytė anabadwa mu Ogasiti 1950, fodya ali mkati mothyoledwa. Mayi ake, a Stasė, anapuma masiku khumi okha n'kubwerera pa tebulo lomangira fodya, mwana atamugoneka m'bokosi la maapozi pamthunzi wa bani. Munda unali wa a Gáspár Bodnár, kunja pang'ono kwa tauni ya Delhi, kumwera kwa Ontario, m'dziko la Canada.

Bambo ake, a Alfonsas Gudelis, anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ku Lithuania. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itawathamangitsa, anakhala zaka zinayi m'misasa ya othawa kwawo ku Germany, kenako chaka chathunthu akugwetsa mitengo kumpoto kwa Ontario, chifukwa ndiyo ntchito imene anawalandirira m'dzikomo. Atamaliza anatsikira ku fodya. Munda, mabani ndi akavalo zinali za a Bodnár, manja anali a a Gudelis ndi akazi awo, ndipo zokolola ankagawana pakati.

A Bodnár anali Mhangare, wochokera ku Hungary. Anafika mu 1927, sukulu atailekera kalasi yachinayi. Anakonzako njanji, anakololako tirigu wa eni ake kumadzulo, mpaka anagula mchenga umene panthawiyo anthu ankaunyoza. Mchengawo ndi umene unadzapezeka kuti fodya wa fuluu amaukonda. Ahangare ambiri a m'deralo mbiri yawo inali yomweyo, ndipo pamene Alituweniya ankafika ndi masutikesi amodziamodzi ndi masatifiketi opindidwa bwino, anzawowo anali kale ndi minda, magalimoto ndi holo ya njerwa pakati pa tauni.

Amuna awiriwa ankalankhulana m'Chingerezi chothyokathyoka, chosakaniza ndi Chijeremani. A Bodnár ankawaitana anzawo kuti Pulofesa.

"Pulofesa, Mbelijiyamu wa kuseri kwa mlatho uja akugulitsa munda. Mchenga wake ndi wabwino. Gulani."

"Munda ndili nawo kwathu."

"Kwanu kuti? Kwanu kuli Arasha."

"Achokako."

"Eya, achokako. Koma tsiku limenelo inu mudzakhala mukuyenda ndi ndodo ziwiri."

A Gudelis sanagule. Alituweniya anzawo ambiri anagula, koma nawonso sankalima kuti ana adzalowe m'mundamo. Ankalima kuti ana atulukemo. Kwa Ahangare, mnyamata akafika zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, bambo ankayamba kuyang'ana munda woyandikana nawo. Kwa Alituweniya, pa msinkhu womwewo mayi ankayamba kufunsa za nyumba zogona ophunzira ku Toronto. Loweruka m'mawa, ana a Bodnár ali pa thirakitala, Elvyra ndi mchimwene wake Vytenis ankakhala m'chipinda cha pansi pa katchalitchi kawo, akuloweza mitsinje ya dziko limene anali asanalionepo. Wophunzitsa anali bambo awo omwe, atavala tayi, utomoni wa fodya usanachoke bwino m'zikhadabo.

Vytenis anali wa mabuku ndipo aliyense ankadziwa. Elvyra nayenso ankakhoza, koma vuto lake linali manja. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ankamanga fodya pa ndawala mofulumira kuposa amayi onse a pa tebulo, moti anthu awiri omupatsira masamba ankachita thukuta kuti amupeze. A Bodnár akadutsa ankaima n'kuonerera.

"Pulofesa, mwana uyu ali ndi manja a Chihangare."

"Manja amenewo ndi a choko," a Gudelis ankayankha, osaseka.

Mu 1969 Elvyra anapeza malo pa sukulu ya zauphunzitsi ku Hamilton, kuti akayambe mu Seputembala. Panthawiyo banja lawo linali litasamukira pa munda wachiwiri umene a Bodnár anagula, likulimabe mogawana. Pakati pa Ogasiti, dzuwa lili paliwombo, bambo ake anagwa pakati pa mizere. Anawapeza ali maso, kamwa litapotoka, mkono ndi mwendo wakumanja zitafa. Theka la fodya linali lidakali m'munda, ndipo chisanu chopsereza masamba chimatha kugwa tsiku lililonse Seputembala akafika pakati.

"Timuitane Vytenis," Elvyra anauza mayi ake pobwera kuchipatala.

"Vytenis ali chaka chachitatu cha udokotala wa mano. Usayerekeze."

"Nanga ine?"

 A Stasė anangovula nsapato zoyendera n'kuvala za kumunda.

Kuthyola ndi kumanga Elvyra ankadziwa. Chimene sankadziwa ndi kuwotcha, chifukwa bambo ake sankalola munthu kukhudza moto wa m'bani. A Bodnár anatuma mwana wawo wachiwiri, Kálmán, wa zaka makumi awiri ndi zitatu, wamapewa aakulu, amene Elvyra ankamudziwa kuyambira kale ngati mmodzi wa anyamata aphokoso a pa thirakitala. Kálmán anamupeza ataima pakhomo pa bani ndi kabuku ka bambo ake, momwe analembamo kuti tsiku lakuti moto uzikhala pakuti.

"Ukuwerengera fodya nthano?"

"Ndikuwerenga mmene amawotchera."

"Fodya sadziwa kuwerenga. Lowetsa dzanja." Anamugwira pamkono n'kumugwiritsa tsamba la m'munsi. "Lili bwanji?"

"Lofewa."

"Lofewa ngati chiyani? Ngati khutu la galu, kapena ngati nsanza yonyowa?"

"Ngati khutu la galu."

"Ndiye kweza moto pang'ono. Likamakhala ngati nsanza, tsegula mazenera a pamwamba. Basi. Sukulu yatha."

Sinathe. Kálmán anabwera tsiku lililonse kwa milungu isanu, m'mawa ndi masana, ndipo bani lachitatu Elvyra analiwotcha yekha, fodya n'kutuluka wachikasu bwinobwino. A Bodnár atamaliza kwawo anabweretsa antchito awo onse, pamodzi ndi azilamu awo awiri, kudzathyola zotsala. Bani lomaliza linadzazidwa Lachinayi. Loweruka m'mawa minda yonse inadzuka yoyera ndi chisanu.

Elvyra analembera ku Hamilton ndipo anamusungira malo chaka chimodzi. Chaka chotsatiracho bambo ake anali akuphunzirabe kugwira sipuni ndi dzanja lamanzere, nazale inkafuna munthu, ndipo kalata yachiwiri sanailembe n'komwe. Anthu akamamufunsa ngati zinamuwawa, amanena kuti zinamuwawa mpaka cha mu Meyi, kenako anatanganidwa ndi kuwokera.

Za ukwati wake ndi Kálmán anakawauza bambo ake yekha. Mawu awo anali atabwerera, koma olemera, otuluka limodzilimodzi.

"Analekera... kalasi yanji?"

"Ya teni, bambo."



"Munthu woipa... si woipa," anatero a Gudelis. Pamenepo m'pamene anathera.

Kwa a Bodnár, mayi a Kálmán, amene dera lonse linkawaitana Etelka néni monga amaitanira amayi achikulire, anali ndi madandaulo awo. "Mtsikanayo ndi woonda ngati ndawala, ndiponso ndamuona akuwerenga pa chakudya. Koma amagwira ntchito, zimenezo sindinganame."

Ukwati unachitika mu Novembala 1971, fodya atalowa m'nyumba. Mu holo ya Ahangare munali anthu oposa mazana anayi. Alituweniya anakwana pa matebulo anayi a pakona, amuna onse atavala masuti akuda. Chakudya chinabwera kasanu, zeze ndi malimba zikulira osapuma. Oimba atapumira, Alituweniya anaimirira n'kuimba nyimbo yawo ya ukwati, yapang'onopang'ono, ya mtsikana wotsanzika mayi ake, amayi ena akupukuta misozi. Etelka néni anatuluka m'khitchini ndi chipande m'manja.

"Wamwalira ndani?" anafunsa mokweza.

Nkhaniyi anthu a ku Delhi amaikambabe.

Zaka zoyamba Elvyra anakhala nyumba imodzi ndi apongozi akewo, ndipo nkhondo yawo inali ya m'khitchini. Iye ankaphika kugelis, mbatatesi zopala zosakaniza ndi anyezi ndi nyama ya nkhumba, zowotcha mu uvuni mpaka zitachita chikhokho. Etelka néni ankasuzumira m'chiwayamo n'kupukusa mutu.

"Mwana wanga, chakudya chimenechi chikudwala? Chatuwa bwanji!"

"Ndi mmene chimakhalira, mayi."

"Chithire tsabola wofiira chidzuke."

"Chikadzuka chikhala cha kwanu."

Etelka néni ankathira paprika wawo, tsabola wofiira uja, mu chilichonse kupatula khofi. Koma ndi iwo amene anaphunzitsa Elvyra kutambasula ufa wa makeke pa tebulo mpaka kuoneka nsalu ya pansi, ndi kusakaniza nyama ya masoseji pa tsiku lopha nkhumba mu Disembala. Tsiku limenelo Alituweniya ankabwera kudzagula, akunena kuti masoseji a Ahangare ali ndi adyo wambiri, n'kunyamula mikono itadzaza.

Zaka za m'ma 1970 zinali zokoma kwa a fodya. A Bodnár anamanga nyumba za njerwa ziwiri. Ahangare achikulire anayamba kukathera nyengo yozizira ku Florida. Alituweniya, amene ana awo anali atamaliza sukulu, anayamba kugulitsa minda mmodzimmodzi n'kulondola anawo ku Toronto ndi ku Hamilton. Vytenis ankabwera pa Pasaka ndi mkazi wake ndi galimoto yaing'ono kuposa ya Kálmán, ndipo Kálmán sankalephera kumuonetsa zimenezo.

"Adokotala, samalani nsapato, kuno kuli ndowe. Kagalimoto aka munagulira mwana?"

"Alamu, tisanyozane," Vytenis ankayankha. "Inu mumalima chodetsa mano, ine ndimayeretsa. Tonse tikudya m'kamwa limodzi."

Mu 1979 nthenda ya chuku inalowa m'minda n'kuwononga fodya wambiri. Chaka chimenecho anachipirira. Chimene sanathe kupirira ndi chimene chinabwera pambuyo: anthu anayamba kusiya kusuta, makampani anayamba kugula wochepa, ndipo chaka chilichonse ku okushoni kunkabwera nkhope zochepa. Amene anapwetekeka kwambiri anali aja anachotsedwa kusukulu ali anyamata kuti akalowe m'munda. Mkulu wake wa Kálmán anagulitsa munda wake n'kukalowa ntchito pa fakitale ya zitsulo za magalimoto ku Tillsonburg ali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, akulamulidwa ndi mnyamata amene kale ankamuthyolera fodya. Vytenis, amene tsopano anali ndi chipatala chake cha mano ku Mississauga, anasiya nthabwala zija. Akabwera ankaimika galimoto yake, imene tsopano inali yaikulu, kuseri kwa nkhokwe, ndipo Kálmán ankaona kuti kuteroko n'koipa kuposa kumuseka.

"Muuze mchimwene wakoyo aziimika pakhomo ngati munthu," anauza Elvyra. "Sitinafe."

Elvyra ndi Kálmán anatsala m'mundamo chifukwa fodya wawo anali wabwino, ndipo anali wabwino chifukwa wosankha anali Elvyra. Miyezi yozizira yonse ankaima m'chipinda chosankhira, pansi pa magetsi oyera, akulekanitsa masamba ndi maso ndi zala, ndipo belo lake ogula sankalipasula kawiri. Anabereka ana awiri. Wamwamuna anamutcha Gáspár, dzina la agogo ake a munda, ndipo anakula wa mabuku, mphumu ikumuvuta akangolowa m'bani. Lero amagwira ntchito ya boma ku Ottawa. Wamkazi dzina anamupatsa ndi a Gudelis, Daiva, kuti adzakhale dokotala, koma ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anali atadziwa kale kubweza thirakitala ndi ngolo kumbuyo. Etelka néni ankati ana anasinthanitsidwa maina kuchipatala.

A Gáspár Bodnár anamwalira mu 1985, a Stasė mu 1989. A Gudelis anasamukira m'chipinda cha pansi kwa Elvyra. Ulamuliro wa Arasha utatha ku Lithuania, anapempha kuti awatengere kwawo, ndipo mu 1992 Elvyra anapita nawo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu.

Sukulu yawo anaipeza ilipo, akusungiramo feteleza. Munda wa makolo awo unali utasanduka mbali ya munda waukulu wa boma, malire osadziwikanso. Mwana wa mlongo wawo anawalandira bwino, ali ndi ng'ombe imodzi ndi kavalo wokalamba, ndipo atamwa pang'ono anafunsa chimene chinkamuvuta mumtima.

"Amalume, zaka zonsezi ku Canada, munda wanu ndi waukulu bwanji?"

"Ndilibe munda."

"Nanga munkatani?"

"Ndinkadikira," anatero a Gudelis.

Elvyra nayenso anapeza zake. Akalankhula m'sitolo, atsikana ogulitsa ankagwirana pamkono n'kumaseka mobisa. Mmodzi anamuuza mwaulemu kuti Chilituweniya chake n'chokoma, koma amalankhula ngati buku la agogo. Anayenera kukhala milungu inayi. Itatha itatu bambo ake anati buledi wa kuno ndi wabwino koma akufuna bedi lawo. Ali m'ndege anayang'ana ndodo yawo n'kuseka kamodzi.

"Bodnár... analakwitsa. Ndi imodzi."

Anamwalira patatha zaka ziwiri, mu Okutobala. Mwambo unachitikira pa katchalitchi ka Alituweniya, kamene Lamlungu wamba kankalowa anthu osakwana makumi atatu. Koma a ku Toronto anatumiza mawu kuti akubwera pa mabasi awiri, onse aja anaphunzitsidwa ndi a Gudelis m'chipinda cha pansi: madokotala, mainjiniya, maloya, aphunzitsi. Amayi amene kale ankaphika pa maliro a Alituweniya anali atamwalira kapena atasamuka. Anatsala atatu, mmodzi wa iwo wosaona bwino.

Elvyra anawauza apongozi ake madzulo, akusenda anyezi. Etelka néni, wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, anapukuta manja n'kupita pa telefoni. M'mawa mwake m'khitchini ya holo munali amayi khumi ndi anayi a Chihangare ndi matumba atatu a mbatatesi.

"Tiuze mmene mumachiphikira chodwala chanu chija," anatero Etelka néni, atakhala pa mpando pakati pa khitchini ndi ndodo pamiyendo.

Elvyra anawaonetsa kupala ndi kufinya, kenako anathamangira kutchalitchi. Pobwera kumanda anapeza ziwaya khumi ndi ziwiri zili pa matebulo, zonse zofiira pamwamba.

"Mayi!"

"Pang'ono chabe, pamwamba pokha. Anthu achoka kumanda, ukawapatsenso chakudya chotuwa?"

Mayi wina wa ku Toronto, wovala chipewa cha nthenga, analawa n'kuika foloko pansi. "Kugelis ameneyu ndi wa chigawo chiti?" anafunsa.

"Wa ku Delhi," Vytenis anayankha, n'kukatenganso wina.

Fodya anapitirira kuchepa mpaka mu 2008, pamene boma linapereka mwayi woti alimi asiyiretu. Kálmán anakana miyezi itatu. Ankadzuka m'mawa n'kumazungulira mabani, akukonza zitseko zosawonongeka. Elvyra sanamukakamize. Tsiku lina pa chakudya cha masana anangomufunsa kuti chaka chamawa adzagulitsa kwa yani, ndipo Kálmán atatchula kampani, iye anamukumbutsa kuti inatseka fakitale yake. Anatchula ina. Anamukumbutsanso. Sabata yomweyo anakasaina, Kálmán atavala malaya ake a kutchalitchi.

Mabani asanu anawaphwasula, limodzi anasiya kuti azisungiramo zida. Theka la munda anagulitsa kwa banja la mpingo wa Amenoni lochokera ku Mexico, anthu a ana asanu ndi anayi amene amalima nkhaka ndi tsabola. Theka lotsala analitenga Daiva n'kudzala jinseni, muzu wa mankhwala umene umakula pansi pa nsalu zakuda zamthunzi ndipo ogula ake ambiri ndi Matchaina. Kálmán amautcha kuti karoti wa anthu olemera, koma ndi iye amakhoma mizati ya mithunziyo, ndipo salola wina kuikhudza.

Elvyra masiku ano amaima pa lamba wosankhira mizu mwezi wa Okutobala ndi Novembala, pakati pa amayi a ku Jamaica ndi a ku Mexico amene amabwera chaka chilichonse. Katchalitchi ka Alituweniya kamatsegulidwa wansembe akapezeka. Lachiwiri amatenga agogo awiri a mpingowo kupita nawo kogula zinthu, chifukwa ana awo ali kutali ndipo amaimba foni Lamlungu. Lachisanu amakathandiza kukulunga kabichi ku holo, kumene maukwati ambiri tsopano ndi a anthu osadziwa liwu limodzi la Chihangare, koma amafuna chakudya chake.

Chaka chino Daiva wadzala maekala khumi ndi awiri atsopano. Jinseni amakumbidwa pakatha zaka zinayi. Kálmán akuti iye sadzakhalapo, aziona okha. Elvyra akuti adzakhalapo, ndipo wamulembetsa kale kwa dokotala wa mafupa kuti mu Malichi akamukonze chiuno.